Mkono wa Mlamu Wanga Nidal

Lolemba, 19 Epulo 2021

Jabalia, msasa wathu wa othawa kwawo. Ramadani idakali koyambirira, koma kutentha kwafika kale. Kukhosi gwa kuyambira m'mawa.

Ntchito yomweyo. Matumba a bungwe lachithandizo pa tukutuku yanga ya mateyala atatu, khomo ndi khomo. Chibwerereni korona safuna anthu azidzazana kudepoti, ndiye chakudya chikuwatsata kunyumba, pamsana pathu. Ufa wa tirigu, mafuta, mphodza, mkaka wa ufa, nsomba za m'chitini. Pathumba lililonse mbendera ya dziko limene sindidzaliona ndi maso, ndi mawu akuti mphatso.

Mphatsoyo yachepa. Abu Raed, kapitawo wathu, akuti mayiko opereka nawonso adwala, afumbata manja. Mabanja osaukitsitsa amene ankalandira kawiri tsopano alandira ngati wina aliyense. Wokawauza ndani? Osati eni mbendera. Ine, pakhomo pawo, masiki kukamwa.

Mayi wina wandilavulira lero. Anati: “Thumba linalo wabisa kuti, mbava iwe?” Ndangopukuta n'kuliza injini.

Kunyumba mkazi wanga Ibtisam akutsokomola. Akuti ndi fumbi la ufa limene ndimabwera nalo m'malaya. Mwina.

Lachinayi, 22 Epulo

Si fumbi. Korona.

Anamwino a Majeda a pachipatala chaching'ono cha mumsasa muno ndiwo anamuyeza. Ine alibe nane kanthu, akuti ndilibe. Ibtisam m'chipinda cha Ziad, mwana wathu amene ali ku Turkey. Ine pabalaza. Msuzi ndikumasiya pakhomo ngati wa mkaidi.

Lamulo lake limodzi, kudzera pachitseko: “Nidal musamuuze, bambo a Ziad. Athamangira kuno, akapatsira ana.” Nidal ndi mlongo wake wamng'ono, anamulera yekha mayi awo atamwalira. Kwa iye akadali khanda, ngakhale ndevu zayamba imvi.

Ndiye madzulo ndikutuluka kudepoti, Nidal yemweyo pageti. Waonda. Holo ya maukwati imene ankaphikako idatsekedwa chaka chatha, chifukwa cha mliri womwewu. Ana anayi, mkazi, palibe cholowa. Koma nthabwala osasiya. Anati: “Alamu, thumba limodzi likagwa pa tukutuku, mlandu ndi wa msewu, si wanu. Maenje onsewa boma linatikumbira ife.”

Ndinaseka. Ndinakana. Thumba lililonse lili ndi mwini wake, ndipo likasowa, ntchito yanga ndiyo isowa.

“Mulungu akupatseni moyo wautali, alamu, kuti mudzaone azunguwo akukupatsani mendulo.”

Anapita osatsanzika.

Lamulungu, 25 Epulo

Ndavulala. Ndilembabe.

Masana, kanjira kopanikiza kuseri kwa msika. Ngolo ya bulu yopingasa kutsogolo. Ndinaima, ndinaliza hutala. Anthu atatu tulukiru m'khonde, nkhope zokulunga m'mipango. Wina anandikoka pakolala, pansi khu, bondo pakhosi. Wina thabwa m'nthiti. Wachitatu kunyamula thumba.

Sindikudziwa ndinadzuka bwanji. Wa bondo uja ndinamuluma chala mpaka mano anakhudza fupa. Chitsulo chomasulira teyala chimakhala pansi pa mpando. Ndinachipeza. Wa thumba anali atandifulatira. Ndinakuwa, anatembenuka, anakweza mkono kutchinga nkhope. Ndinamenya ndi mphamvu zonse za munthu wosenza matumba.

Kulira kwa fupa ngati nkhuni youma. Thumba pansi phwaa, ufa mbuu.

Mpango unagwa. Nidal.

Sanakuwe. Anayang'ana mkono wake utapindika pamene mkono supindika, kenako anayang'ana ine, magazi a mnzake ali kukamwa kwanga. Anati: “Alamu, kusala kwa lero mwamasulira pa ife?” N'kukomoka.

Anzake, phazi thandize. Azimayi anatuluka ndi mbale, kuwola ufa pamchenga, wofiira ndi woyera womwe. Palibe anafunsa kuti wagonayo ali moyo kapena ayi.

Ndinamukweza pamwamba pa matumba mpaka kuchipatala. Ndinachoka asanatsitsimuke.

Lolemba, 26 Epulo

Nthiti zikuluma ndikapuma. Malaya ndachapa ndekha, madontho sakuchoka.

Abu Raed akuti thumbalo adula pamalipiro anga. Amafuna mayina apite nawo kupolisi. Ndati nkhope sindinazione.

Suheir, mkazi wa Nidal, pafoni. Fupa lathyoka pawiri, amuika chikhakha kuchokera m'zala mpaka m'phewa. Mawu ake: “Dzanja lomwe mwamenyera bambo wa ana angalo, liume likadali pathupi panu.” Ndikanati chiyani? Kuti thabwa linayamba ndi iwo? Ana ake adya thabwa?

Ibtisam anamva ndikubuula posamba. Ndati ndagwa pa tukutuku. Anayamba kundikalipira za liwiro, mpweya n'kumuthera pakati pa mawu.

Lachitatu, 28 Epulo

Milomo ya Ibtisam yabii m'mawa. Kachipangizo ka pachala ka a Majeda kanaonetsa 81, mpweya wachepa m'magazi. Iwo anangoti: “Nyamulani. Tsopano lino.”

Ambulansi yosapezeka. Ndinamugoneka pa tukutuku, pamalo a matumba, pa matiresi. Kuchipatala chachikulu odwala mpaka m'makonde, ena awiri silinda imodzi ya mpweya. Mlonda anandikankha pachifuwa pakhomo la wodi, pa nthiti zomwezi. Achibale saloledwa.

Ndinaona mpango wake ukupita. Basi.

Nyumba zii. Ndamasula kusala ndi madzi ndi nsomba za m'chitini, chiimirire.

Lamulungu, 2 Meyi

Tsiku lililonse ndikaweruka, pageti la chipatala. Amuna ambiri pamenepo, aliyense foni kumanja, kudikira dzina.

Lero wina anandigwira phewa. Kutembenuka, chibakera cha kumanzere pakamwa. Mlomo unang'ambika, dzino likugwedera. Nidal, chikhakha pachifuwa, maso psuu. Wamva kwa anansi.

Anakuwa anthu onse akumva: “Mkono thyolani, ndili nawo wina! Koma mlongo wanga ndili naye mmodzi, galu inu! Akanafa mukanandiuza ndi kalata?”

Anthu anatigwira. Sindinakweze dzanja. Ndinamuuza kuti analetsa ndi Ibtisam yemwe, chifukwa cha ana. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, nkhope m'dzanja limodzi lija, mapewa akugwedezeka.

Tinakhala choncho, iye uko ine kuno, mpaka mzikiti unaitana. Anatulutsa tende, zipatso zomasulira kusala, m'thumba, anadya imodzi, ina anandigenda nayo pachifuwa. Ndinatola.

Ponyamuka anati: “Achemwali ndawauza pafoni kuti ndinagwa pamakwerero. Mukawauza zina, wachiwiriwu ndikuthyolerani pamutu.”

Kupepesa ayi. Iye kapena ine.

Lachisanu, 7 Meyi

Ibtisam wabwerera kunyumba. Osati wachira, koma bedi likufunika kwa wina wodwala kuposa iye.

A Majeda atibwereka silinda ya mpweya, mwa zija anagula anthu a kunja mliri utangoyamba. Chitsulo chobiriwira, kutalika kundifika pachifuwa, kulemera ngati mtembo. Nachonso ndi mbendera yake. Kukwera nacho masitepe, nthiti zinandikumbutsa zonse.

Malangizo: mpweya usazime, moto usayandikire, singano ya pa geji yake ikafika pofiira ndikadzazitse kufakitale ya kum'mawa kwa tauni. Kudzazitsa n'kolipira. Malipiro odulidwa kale. Foni yanga yabwino ija ndagulitsa, ndatsala ndi ya mabatani.

Ibtisam watha thupi. Mphete ikuvuka yokha. Koma pakamwa pali bwino. Kudzera m'masiki a mpweya: “Nyumba yanga mwaisandutsa khola la abulu, bambo a Ziad.” Mawu okoma kuposa onse amene ndamva mwezi uno.

Akuti timakeke ta Idi aphika ndithu, ta ana a Nidal. Munthu wosatha kufika kubafa yekha.

Lachiwiri, 11 Meyi

Nkhondo yayamba dzulo madzulo. Mizinga kuchoka kuno, ndege zankhondo kuchokera tsidya la malire.

Nyumba ikuvina. Galasi la kukhitchini lathetheka, ena onse ndatsegula kuti asaphulike. Fumbi kulowa, utsi kulowa, m'chipinda cha munthu wopuma ndi paipi. Ndatchinga ndi bulangete lonyowa.

Depoti yatsekedwa. Chipata cha malire chatsekedwa, malole a chakudya ndi mankhwala aima tsidya lina. Ntchito palibe, malipiro palibe. Magetsi amangobwera kudzatipatsa moni.

Zanana kumwamba, tindege tija topanda munthu, kulira ngati udzudzu m'khutu, osapuma.

Anansi a m'mwamba atsikira pansi pa masitepe, akuti m'pamene pamalimba. Ife sitingathe. Ibtisam anati: “Tsikani inu, ine ndili ndi mwamuna wanga wachitsuloyu.” Ndakoka matiresi anga kuika pambali pa bedi lake. Za korona ndasiya kuopa.

Singano ikutsika.

Lachinayi, 13 Meyi

Idi. Popanda zovala zatsopano, popanda pemphero la swala pabwalo. M'mawa singano pofiira.

Kasilinda kakang'ono kamene a Majeda anatibwerekanso ndinamusiyira Ibtisam, ka maola ochepa. Yaikulu ndinatsika nayo. Ndisanaikweze n'komwe, anyamata a pamsewu wathu anandizinga. Wina anakankha tukutuku, wina anatola mwala. “Mwapenga, bambo a Ziad? Zanana ikaona chitsulo chachitali pa tukutuku iti ndi mzinga! Mutiphetsa tonse!” Sankanama. Koma ndinagwira mmodzi pakhosi, kumukanikiza kukhoma mpaka maso anatong'oka. Mwana amene ndinamuona akubadwa.

Anandilanditsa ndi Nidal. Wabwera wapansi kudzapereka moni wa Idi kwa mlongo wake. Anaona silinda, anaona kumwamba, anathamangira m'nyumba. Kutuluka, diresi lakuda la Ibtisam ndi mpango. Anaveka silinda. Anaikhazika tsonga kumbuyo, iye pambali pake, mkono wabwino pa phewa lake.

“Yendetsani, alamu. Ndapeza mkazi wachiwiri. Sadya, sayankha, mpweya wokhawokha ngati Suheir.”

Anyamata aja anaseka, ngakhale wa pakhosi uja.

Msewu waukulu mbee, opanda munthu. Magalasi pansi, mawaya pansi. Pafupi ndi mphambano galimoto loyera linatipitirira. Silinapite patali. Kuwala, kenako mphepo yotentha inatimenya kumaso, tukutuku inanyamuka mateyala awiri n'kubwerera. Makutu anagontha. Galimoto lonse moto. Chitseko chinatseguka, munthu anatuluka akuyaka, anayenda pang'ono, anagwada. Fungo lake lidakali m'mphuno.

Ndinafuna kuima. Nidal kumbuyo anandiponda msana ndi phazi. Pakamwa pake pankati pita, pita, mawu osawamva. Silinda ya mpweya pafupi ndi moto. Ndinadutsa. Mulungu andikhululukire, ndinadutsa.

Kufakitale mzere wa anthu onga ife, wina silinda pa bulu, wina pa ngolo ya mwana. Anatidzazira. Pobwerera tinazungulira m'tinjira. Nidal sananenenso nthabwala. Ndinamva akuwerenga mawu a swala, chipumi atatsamiza pa mpango wa silinda.

Kunyumba anaima pakhomo la chipinda, masiki kukamwa. Ibtisam ataona chikhakha: “Iwe, zaka zonsezi sunaphunzire kukwera makwerero?” Iye: “Makwerero ake anali aukali, achemwali.” Anandiyang'ana m'mbali. Pachikhakhapo mwana wake Dima wajambulapo nsomba ndi maluwa ndi cholembera chofiira. Ibtisam anaziyamikira.

Loweruka, 15 Meyi

Ufa wathu wa m'nyumba ndaugawa pakati. Theka ndakasiya kwa Nidal m'mawa, ndege zitapumira. Amakhala m'nyumba yosanja, m'mwamba mwenimweni.

Suheir analandira osandiyang'ana. Ana anandithamangira ngati kale, sakudziwa kanthu. Karam wamkulu, Dima, Yazan, ndi kamtsikana kotsiriza, Tala, kondipisa m'matumba kufuna maswiti.

Nidal ananyamula thumba ndi dzanja limodzi, kuliyesa kulemera. “Ndiye mtengo wa mkono masiku ano ndi theka la thumba? Mwendo mukugula bwanji, alamu? Ndili nayo iwiri.”

Ndinamuuza asamukire kwathu, kwathu n'kotsikirako. Anakana. Akuti korona pansi, mabomba pamwamba, bola chimene chimapha msanga.

Tagwirizana Lolemba tipitenso kufakitale. Akuti mkazi wake wachiwiri amusowa.

Lolemba, 17 Meyi

Dzulo masana.

Ndinamva ngati ena onse, gumu, pansi kugwedezeka. Ndinapitiriza kusenda anyezi. Kenako foni. Karam. Sankalankhula, ankangokuwa dzina langa.

Ibtisam ndinamuuza kuti ndikukafuna buledi.

Nyumba yonse yosanja ija, mulu. Denga pamwamba pa denga ngati mikate yosanjikiza. Zitsulo zotuluka, matanki a madzi ophulika, matope, fumbi loti munthu osaona dzanja lake. Suheir ndi Karam anali pamzere wa buledi, ndicho chinawapulumutsa. Suheir ankakanda simenti ndi zikhadabo, mpango utagwa, palibe anamuuza kuti afunde.

Makina okumbira amodzi tauni yonse, ali kwina. Ife manja, nyundo, jeke wa tukutuku yanga. Wina akakuwa kuti chete, tonse chete, khutu pa simenti. Zanana pamwamba pathu, kutionerera.

Tinatulutsa nkhalamba ya pansi, yopanda miyendo. Mayi wina ndi khanda, sitinathe kuwalekanitsa. Manja anga anang'ambika, sindinamve.

Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwa mwana. Tinakweza chidutswa cha denga ndi jeke. Ndinalowetsa mutu. Choyamba kuona, choyera m'fumbi. Nsomba zofiira, maluwa.

Ndinagwira zala. Zozizira.

Anagona chafufumimba, msana utathyoka pansi pa mtanda wa simenti. Pansi pa chifuwa chake, pakati pa chikhakha ndi mimba, Tala. Wamoyo. Chikhakha chija chinaima ngati mzati, chinamusiyira malo opumira. Ndinamukoka miyendo, anatuluka woyera ngati ufa, maso okha. Anandiluma dzanja. Sanandizindikire.

Dima ndi Yazan tinawapeza pambuyo pake, m'khonde la m'kati. Sindilemba mmene tinawapezera.

Ndinasamba kwa anansi, kubwereka malaya. Ndinafika kunyumba opanda buledi. Ibtisam anati: “Tsiku lonse, manja lende? Mukanatuma Nidal, amadziwa kulowerera pamzere.”

Lachiwiri, 18 Meyi

Tinawaika dzulo, mothamanga. Anthu ochepa, swala yachidule, maso kumwamba. Nsalu ya maliro inaperewera, ana awiri nsalu imodzi. Chikhakha osambitsa anafuna kuchidula. Suheir anakana. Nidal wapita nacho kumanda.

Kumanda Suheir anandimenya pachifuwa ndi manja onse awiri, kumenya, kumenya, mpaka anatopa n'kutsamira pomwepo. Mawu amodzi okha: “Ufa wanu uja sitinaudye n'komwe.”

Akukhala kusukulu ya bungwe lija tsopano, ndi Karam ndi Tala. Mabanja ambirimbiri kalasi imodzi, masiki palibe, madzi palibe, chifuwa ponseponse. Ndamupempha abwere kwathu. Akuti sangayang'ane Ibtisam kumaso n'kukhala chete.

Chifukwa chete ndiye lamulo. A Majeda anabwera kudzayeza Ibtisam, 89. Anandikokera pamasitepe: “Mukamuuza lero, mukumba manda ena mawa. Dikirani mapapo alimbe.”

Foni ya Ibtisam ndaichotsa batire, ndati yapsa ndi magetsi obwera modzidzimutsa. Wailesi ndabisa. Anansi ndawalumbiritsa. Ziad waimba kuchokera ku Turkey, akulira malume ake, waona pa intaneti. Ndinamuyankhira kubafa, mpopi wopanda madzi nditautsegula mwachizolowezi.

Lachitatu, 19 Meyi

Kufakitale ndapita ndekha, mochedwa ndi masiku awiri. Silinda ndinaiveka diresi lomwe lija, kuimanga ndi chingwe. Palibe woikumbatira. Inkagubuduka pa bampu iliyonse.

Mpweya ukuperewera kumeneko, jenereta yawo ilibe mafuta okwanira. Mzere unasweka. Zibakera, zitsulo kugundana. Bambo wina anasolola mpeni, kuloza pamimba panga, akuti malo anga ndi ake, mwana wake akufa. Dzanja langa linapita lokha pansi pa mpando. Chitsulo chinalipo. Ndinachigwira. Sindinachitulutse.

Ndinamuuza kuti abaye. Anandiyang'ana, anayamba kulira. Anadzaza iye, kenako ine. Theka lokha aliyense.

Ibtisam wafunsa katatu lero. Bwanji Nidal sakubwera? Misewu yaipa. Bwanji osaimba pa foni yanu? Netiweki. Kenako: “Mwana ameneyu ndidzamukoka makutu. Chikhalireni sanathe masiku atatu osandivutitsa.”

Ndinapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale.

Lachisanu, 21 Meyi

Zaleka. Agwirizana kusiya kumenyana.

Kunja anthu m'misewu, nthungululu, mahutala, mfuti zoombera kumwamba. Ena akuchita Idi lero, ana avala zovala zija zinadikira. Pamsewu womwewo ena akukumbabe.

Ibtisam wachotsa masiki kuyambira m'mawa. Wayenda mpaka pawindo yekha, kugwira khoma. A Majeda: 94. Anamwetulira kwa iye, kenako anayang'ana ine osamwetulira. Pamasitepe: “Tsopano zili kwa inu. Koma musachedwe, angamve kwa anansi ali pawindo.” Silinda akuti ikhale masiku ochepa, kenako ipite kwa wina. Odwala achuluka kuchokera m'masukulu muja.

Abu Raed waimba. Malole ayamba kulowa, mayiko alonjeza zambiri, ufa, mankhwala, katemera, matenti. Akuti Lamulungu ndifike m'mamawa, ntchito yachuluka. Makomo ena amene ndinkagogoda kulibenso. Ndinamufunsa kuti matumba a amenewo ndikasiye pati. Anati ndisamufunse zopusa, kenako anapepesa.

Ndinalowa m'chipinda kuti ndinene. Ndinamupeza akupesa tsitsi, akuimba pang'onopang'ono. Ndinamufunsa ngati akufuna tiyi.

Loweruka, 22 Meyi

Ndadzuka ndi fungo la timakeke.

Ali kukhitchini, atakhala pampando, ufa mpaka m'zigongono. Mafuta otsiriza, tende zotsiriza, gasi wotsiriza. Akupuma mwaphuma koma akupuma yekha. Ndinati agone. Anati: “Ndagona mwezi wathunthu, bambo a Ziad. Ana aja Idi yawadutsa opanda timakeke ta azakhali awo. Manyazi ake ndani?”

Waika m'mbale mosiyanitsa. Ta Karam tambiri, akuti akukula. Ta Tala tating'ono. Ta Yazan topanda tende, sazikonda. Ta Dima wadinda maluwa ndi foloko. Ta Nidal topserera, akuti ndi chilango chake.

Ndinaima pakhomo la khitchini.

Wasamba. Wavala diresi lakuda lija, wadabwa kuti likununkha utsi ndi dzimbiri. Wavala nsapato, akuti tikupita kwa Nidal. Tsopano wakhala pampando wa pabalaza, mbale pamiyendo, yokutidwa ndi kansalu.

Ndathawira kuno kuchipinda cha Ziad, ndati ndikufuna makiyi. Makiyi ali m'thumba mwanga.

Akuitana. “Bambo a Ziad, mwamira? Tiyeni tisanapse ndi dzuwa!”

Silinda ndaikokera kale pafupi ndi mpando wake, masiki pamwamba. Anafunsa chifukwa. Ndinati ndikubwera.

Ndikachotsa kaye mbale pamiyendo pake. Ndikakhala pansi, patsogolo pake.

Ndikayamba ndi mkono.